Nyumba ya lendi mkatikati mwa Bologna: zimene mlendo amalipira ndi zimene amapeza

Munthu amene akufuna malo ogona ku Bologna, likulu la chigawo cha Emilia-Romagna kumpoto kwa dziko la Italy, amasankha pakati pa mahotela amakono amene ali kufupi ndi siteshoni ya sitima kapena kubwalo la zionetsero zamalonda, ndi nyumba zing'onozing'ono za lendi zimene zili mkatikati mwa mzinda wakale. Malire a mzinda wakalewo savuta kuwaona, chifukwa pamene panali linga lake, limene linagumulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, lero pali msewu waukulu wozungulira, ndipo zipata 10 mwa zipata 12 za lingalo zikadalipo. Ine ndi mayi akunyumba tinatenga nyumba ya chipinda chimodzi chogona, pabalaza ndi khitchini, m'kamsewu kena kapakati pa Strada Maggiore ndi Via Santo Stefano, ndipo tinakhalamo kuzizira kutangoyamba kumene. Maganizo anga ndi akuti nyumbayo ndi yoyenera ndalama zake, bola munthu adziwe chimene akugula. Gawo lalikulu la lendi ndi la pamalo pamene khomo la nyumbayo lili. Chipinda chenichenicho, chikanakhala kunja kwa msewu wozungulira uja, sichikanakopa aliyense pamtengo umenewo.

Kufika sikuvuta. Kuchokera pabwalo la ndege la Guglielmo Marconi pali kasitima koyenda m'mwamba kotchedwa Marconi Express, kamene kanayamba kunyamula anthu mu 2020, ndipo sikatha mphindi 10 kasanafike pasiteshoni ya Bologna Centrale. Mukatuluka pasiteshonipo n'kucheuka, muona wotchi ina ya pakhoma ikuloza 10:25 usana ndi usiku, chifukwa anaiimitsa dala pokumbukira anthu 85 amene anafa bomba litaphulika pamalopo pa 2 Ogasiti 1980. Kuchoka apo kukafika ku Piazza Maggiore, bwalo lalikulu la mzindawu, ndi mphindi pafupifupi 20 wapansi kudzera mu Via dell'Indipendenza. Ife tinapeza misewu ingapo itakumbidwa chifukwa cha ntchito yoyala njanji ya tram, sitima yoyenda mumsewu, ndipo mabasi ankazungulira njira zina, motero kuyenda wapansi kunali kwachangu kuposa kudikira pasiteji. Sutikesi ya matayala imayenda bwino chifukwa pansi pa makonde ndi posalala, ndipo imangoyamba kugogoda mukakhota kulowa m'timisewu toyala miyala.

Amene anatilandira anali mayi wachikulire ndithu, osati eni nyumba koma oyang'anira nyumba zingapo m'dera lomwelo. Asanatipatse makiyi anapempha mapasipoti, natiyang'ana nkhope mmodzimmodzi, kenako anajambula masamba a zithunzi ndi foni yawo. Mlendo wosazolowera angaganize kuti akumukayikira, koma lamulo la dzikolo limafuna kuti aliyense wogoneka alendo, kaya ndi hotela yaikulu kaya ndi mwini kachipinda kamodzi, apereke maina a alendowo kupolisi pasanathe maola 24. Mu Novembala 2024 unduna wa zam'dziko unalamulanso kuti mlendo azionedwa kaye asanalowe, pofuna kuthana ndi chizolowezi chosiya makiyi m'timabokosi ta manambala tomangirira pazitseko ndi pamipanda. Kuyambira mu Januwale 2025 nyumba iliyonse yotere iyenera kukhala ndi nambala ya boma yotchedwa CIN, yolembedwa pakhomo komanso patsamba la pa intaneti pamene akuitsatsa, ndipo ngati nambalayo palibe ndi bwino kusakasaka kwina. Mayiwo anatolera pomwepo msonkho wa mzinda umene mlendo aliyense amapereka pa usiku uliwonse, anafuna ndalama yapamanja, ndipo analemba lisiti. Chimene sichinandisangalatse ndi ndalama ina yapadera imene anatilipiritsa chifukwa ndege inachedwa ndipo tinafika usiku. Nkhani ya ndalamayo inali kumapeto kwa uthenga wautali umene unabwera titalipira kale lendi yonse. Ndalama yake sinali yambiri, koma chinthu chotere chiyenera kuonekera munthu asanalipire.

Nyumbayo ndi yakalekale, ndipo ubwino wake ndi mavuto ake zonse zimachokera pamenepo. Chitseko cha kumsewu ndi chachikulu, cha matabwa okhuthala, chimene kale ankalowetsera ngolo za mahatchi, ndipo m'chitsekomo anadulamo kachitseko kakang'ono kamene anthu amalowera lero, atawerama pang'ono ndi kukweza mwendo kuti asapunthwe pathabwa la m'munsi. Kachitsekoko kakangotsekeka phokoso la msewu limatsala kunja. Mumadutsa m'kanjira kamdima n'kutulukira pabwalo lamkati, pamene pali njinga zotsamira khoma, miphika ya maluwa ndi zingwe zoyanikapo zovala zodutsa kuchokera pazenera lina kufika pa lina. Masitepe ndi amiyala, okumbika pakati chifukwa cha mapazi a mibadwo yambiri, ndipo chikepe mulibe. Ife tinali pansanjika yachitatu, koma popeza zipinda za m'munsi m'nyumba zoterezi zili ndi denga lalitali kwambiri, kukwera kwake ndi kofanana ndi kukafika pansanjika yachisanu ya nyumba yamakono. Getsi la pamasitepe limazima lokha pakapita kanthawi, ndipo munthu wonyamula katundu limamuzimira ali pakati panjira, kuti ayambe kupapasa khoma kufunafuna kasuwichi kofiira kamene kamanyezimira mumdima. Patsamba lotsatsira analemba m'zilembo zing'onozing'ono kuti chikepe mulibe, koma pazithunzi zonse zokongola zija panalibe ngakhale chimodzi choonetsa masitepewo.

Mkati mwake munali mwaukhondo kwambiri. Denga ndi la mitanda yakuda yoonekera, pansi ndi pa njerwa zofiira zosalala zimene zimazizira kumapazi m'mawa, ndipo makoma ndi okhuthala mwakuti pazenera munthu amatha kukhalapo bwinobwino. Makoma omwewo ndi amene ankatchinga intaneti, imene inkagwira bwino pabalaza koma osafika kuchipinda. Bedi linali lalikulu ndi matiresi olimba bwino, nsalu ndi mataulo zinali zokwanira, ndipo mazenera ali ndi zitseko zamatabwa zakunja zimene mukazitseka m'chipinda mumada bii ngakhale masana. Kuwala kwa dzuwa ndi kochepa chifukwa nyumba zayandikana, ndipo amene ajambula zithunzi zotsatsira amadziwa ola limene dzuwa limalowa. Bafa anachita kulipanikiza pakona pamene kale panalibe bafa, mwakuti munthu wathupi amagunda zigongono kugalasi posamba. Madzi otentha sanatithere, ndipo madzi a pampopi ndi abwino kumwa, ngakhale amasiya zoyera m'poto mukawiritsa.

Kukhitchini ndi kumene mlendo amaphunzira mmene eni dziko amakhalira. Ketulo ya magetsi munalibe, koma munali kapoto kachitsulo kophikira khofi kotchedwa moka, kamene kamamasulidwa pakati: madzi m'munsi, khofi wopera m'kasefa, kenako n'kumanga ndi kuika pamoto wochepa mpaka kayambe kubwata. Munali mapoto awiri, chiwaya, mafuta a olivi, mchere ndi furiji yaing'ono. Mayi aja anatichenjeza, m'Chingelezi chodukaduka chothandizidwa ndi manja, kuti tisayatse uvuni ndi makina ochapira nthawi imodzi. Nyumba zambiri ku Italy zimalandira magetsi a makilowati 3 okha, ndipo mukapyola pamenepo mita imadula yokha. Vuto la nyumba imeneyi ndi lakuti mita yake ili pansi penipeni, m'kabati ya pafupi ndi khomo lalikulu, motero magetsi akadula ndiye kuti mutsika masitepe onse aja ndi tochi ya pafoni. Mapulagi athu a mano atatu ophwatalala salowa m'masoketi a kumeneko, amene ndi a mabowo ozungulira, ndipo m'nyumbamo adaputa munalibe. Zotenthetsera m'nyumba ndi za mapaipi a madzi otentha oyendetsedwa kuchokera malo amodzi panyumba yonse, ndipo lamulo limaika nyengo ndi maola oyatsira, kawirikawiri kuyambira pa 15 Okutobala mpaka pa 15 Epulo m'dera la Bologna. Mlendo alibe mphamvu pa zimenezi, ndipo pakati pa usiku mapaipi akazizira chimakuthandizani ndi bulangeti. Amene akupita m'miyezi ya Julaye ndi Ogasiti afunse za makina oziziritsira mpweya ndi za masefa a pazenera, chifukwa mzindawu uli m'mphepete mwa chigwa cha mtsinje wa Po, kumene kumatentha monyowa ndipo udzudzu ndi wambiri.

Zinyalala zimasiyanitsidwa, mapepala paokha, mapulasitiki paokha, mabotolo paokha ndi zotsala zakudya pazokha, ndipo bini ya zosakaniza imatsekulidwa ndi khadi lotchedwa Carta Smeraldo, limene tinalipeza litapachikidwa pamodzi ndi makiyi. Malangizo ake anali m'Chitaliyana chokha.

Nkhani ya phokoso ndi imene ingakometse kapena kuwononga ulendo wonse, ndipo siimaoneka pachithunzi. Bologna ndi mzinda wa anthu osakwana 400,000, koma yunivesite yake, imene imawerengera chiyambi chake kuchokera mu 1088, ili ndi ophunzira oposa 80,000 m'nthambi zake zonse, ndipo ambiri mwa iwo amacheza mkatikati mwa mzinda mpaka usiku kwambiri. Amene atenge nyumba ku Via Zamboni, ku Piazza Verdi kapena ku Via del Pratello asadzadandaule, chifukwa kumeneko ndi kumene achinyamata amasonkhana. Ngakhale m'timisewu tabata, makonde amakweza mawu, mwakuti anthu atatu ocheza podutsa amamveka ngati gulu. Pabalaza pathu, pamene zenera linayang'ana kumsewu, tinkamva zonsezi, kuphatikizapo galimoto yotola mabotolo m'bandakucha ndi mabelu a matchalitchi oyandikana amene sagwirizana nthawi yoyambira. Koma chipinda chogona chinayang'ana kubwalo lamkati, ndipo kumeneko tinkagona tulo tabwino. Pa zonse zimene munthu angafunse asanalipire, funso lakuti zenera la kuchipinda layang'ana kuti ndi lofunika kuposa chiwerengero cha nyenyezi zimene alendo ena anapereka.

Chimene chimabweza ndalama ndi zimene zili kunja kwa khomo. Mukatuluka pakachitseko kaja mumapezeka muli pansi pa khonde, ndipo mungathe kuyenda mzinda wonse osanyowa ndi mvula kapena kupsa ndi dzuwa. Ndi makonde ngati a masitolo akale a ku Limbe, kungoti awa ndi olumikizana msewu ndi msewu, otalika makilomita pafupifupi 38 mkati mwa mzinda wakale ndi 62 mukaphatikiza a kunja. Anayamba pamene anthu ankakulitsa zipinda za m'mwamba kuti zitulukire pamwamba pa msewu n'kuzichirikiza ndi nsanamira, chifukwa mzinda unkadzaza ndi ophunzira komanso anthu ochokera kumidzi. M'malo moletsa, akuluakulu a mzinda analamula mu 1288 kuti nyumba zatsopano zizimangidwa ndi khonde lalitali mokwanira kuti munthu wokwera hatchi adutse. Mu Strada Maggiore, pafupi ndi pamene tinkakhala, pali nyumba yotchedwa Casa Isolani imene khonde lake likadali la nsanamira zamitengo zotalika mamita pafupifupi 9, za m'zaka za m'ma 1200. Bungwe la UNESCO linaika makondewa pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2021. Lalitali kuposa onse ndi limene limayambira pa Porta Saragozza kukwera phiri mpaka kutchalitchi cha Madonna di San Luca, mtunda wa makilomita pafupifupi 3.8, ndipo eni mzinda ambiri amalikwera m'mawa polimbitsa thupi.

Phindu la kugona mkatikati ndi lakuti malo otchuka mumawaona pa maola amene alendo obwera tsiku limodzi sanafike kapena achoka kale. M'mawa, bwalo la Santo Stefano, pamene pali matchalitchi akale olumikizana, mumalipeza muli anthu ongodutsa popita kuntchito. Tchalitchi cha San Petronio pa Piazza Maggiore, chimene anayamba kumanga mu 1390 ndipo kumaso kwake mpaka lero miyala yokongola inalekera pakati n'kutsala njerwa, chili ndi mzere wamkuwa pansi wotalika mamita pafupifupi 67, umene katswiri wa zakuthambo Giovanni Domenico Cassini anayala mu 1655. Dzuwa likafika paliwombo, kuwala kolowera pakabowo ka kudenga kumadutsa pamzerewo. Chinthu chotere chimafuna tsiku lopanda mitambo ndi kufika pa mphindi yake, ndipo amene wagona pafupi amangosuzumira kumwamba pazenera n'kutsika. Masana mukatopa mumabwerera kukapuma, zimene wogona kunja kwa mzinda sangachite. Nsanja ziwiri zotchuka, Asinelli ya mamita 97 ndi Garisenda ya mamita 48, tinangoziona kunja, chifukwa kuyambira mu Okutobala 2023 malowo anatchingidwa poopa kupendekeka kwa Garisenda, ndipo kukwera Asinelli kunaimitsidwa. Tsamba lotsatsira nyumbayo linali likulonjezabe alendo kuti adzakwera masitepe 498 a nsanjayo. Ife tinakwera nsanja ya wotchi ya pa Palazzo d'Accursio, imene ndi yaifupi koma imaonetsa bwino madenga ofiira a mzindawu.

Khitchini ija, ngakhale ndi yaing'ono, imapulumutsa ndalama zambiri. Msika wakale wa Quadrilatero, m'timisewu ta Via Pescherie Vecchie, Via Drapperie ndi Via Clavature, ndi wokongola kuuona, koma mitengo yake yayamba kutsata alendo, ndipo ndiwo zamasamba ndi zipatso tinkazipeza motchipirako ku Mercato delle Erbe mu Via Ugo Bassi. Pamsika simugwira zipatso ndi manja, mumaloza ndipo wogulitsa amakusankhirani. M'masitolo ena azimayi amakanda ufa ndi mazira pomwepo n'kudula tagliatelle, pasitala wa timizere tophwatalala, amene amapsa m'mphindi zochepa. Eni mzinda sachita masewera ndi chakudya chawo, mwakuti kaphikidwe ka msuzi wa nyama yogaya wotchedwa ragù kanakasungitsidwa ku ofesi ya zamalonda ya mzindawu mu 1982. Amene sadya nkhumba achenjere, chifukwa imapezeka mu soseji yotchedwa mortadella, mu pasitala wokutira nyama wotchedwa tortellini komanso kawirikawiri mu ragù momwemo, ndipo ndi bwino kufunsa musanaitanitse. M'malesitilanti amaonjezera kandalama ka munthu aliyense wokhala patebulo kotchedwa coperto, kamene kamalembedwa pamenyu, ndipo khofi womwera chiimire pakauntala ndi wotchipa kuposa wokhala pampando wa panja. Ku Vicolo Ranocchi kuli Osteria del Sole, malo omwera amene mbiri yake imayambira mu 1465, kumene amagulitsa zakumwa zokha ndipo chakudya mumabwera nacho kuchokera pamsika.

Galimoto m'dera limeneli ndi mtolo. Mbali yaikulu ya mzinda wakale ndi malo oletsedwa kwa galimoto zopanda chilolezo kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 8 koloko madzulo, makamera ali pamalo onse olowera, ndipo chindapusa chimakutsatirani kudzera ku kampani imene munabwerekako galimoto ngakhale mutabwerera kale kwanu. Loweruka ndi Lamlungu misewu ikuluikulu ya Via Rizzoli, Via Ugo Bassi ndi Via dell'Indipendenza imasiyidwira oyenda pansi. Nyumba yathu inalibe poimika galimoto, ndipo sitinaisowe.

Mtengo umasintha kwambiri malinga ndi sabata. Bologna ndi mzinda wa zionetsero zamalonda, monga Cosmoprof ya zodzoladzola mu Malichi, chionetsero cha mabuku a ana chimene chimatsatira posakhalitsa, Cersaie ya matailosi mu Seputembala, ndi EIMA ya makina a zaulimi imene imachitika mu Novembala kamodzi pa zaka ziwiri. M'masabata amenewa lendi imakwera mosayerekezeka, ndipo nyumba ngati imeneyi siyeneranso ndalama zimene amatchula. Palinso ndalama yokonzera m'nyumba imene imakhala yofanana kaya mwagona usiku umodzi kaya sabata, motero wongodutsa apindula ndi hotela, pamene anthu awiri kapena banja lokhalitsa lipindula ndi nyumba. Amene akufunika visa ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Italy, asankhe malo olola kubweza ndalama munthu akasintha maganizo, chifukwa umboni wa malo ogona umafunika popempha visa, koma yankho lake silidziwika. Pakhomo lalikulu, pamabelu ena panali maina a mabanja pamene pa ena panali manambala okha, chizindikiro chakuti zipinda zimene kale munkakhala eni mzinda ndi ophunzira zikusanduka za alendo. Mu 2023 ophunzira m'mizinda ingapo ya ku Italy, kuphatikizapo Bologna, anagona m'matenti potsutsa kukwera kwa lendi. Anansi athu ankatipatsa moni mwaulemu pamasitepe, koma kapepala kopempha alendo kuti asakoke masutikesi usiku kanali komata pakhoma m'zilankhulo zitatu.

Nyumbayi sindingaipangire okalamba, a vuto la maondo kapena oyenda ndi mwana wa m'ngolo, ndipo amene akufuna munthu wa pakauntala usiku wonse, chakudya cha m'mawa ndi wokonza bedi tsiku lililonse apite kuhotela. Mayi oyang'anira aja ankayankha mauthenga mwachangu masana, ndipo babu la kubafa litapsa anatumiza mnyamata tsiku lomwelo, koma usiku foni yawo inkakhala yotseka.

Potuluka anatiuza kuti tisiye makiyi patebulo pofika 10 koloko m'mawa ndi kukoka chitseko, chimene chimadzikhoma chokha. Malo osungira katundu panyumbapo palibe, motero amene ndege kapena sitima yake ndi ya madzulo ayenera kukasiya masutikesi kumalo olipira osungira katundu pasiteshoni, kapena kuyenda nawo tsiku lonse. Sitima zothamanga zopita kumzinda wa Firenze (Florence), ulendo wosakwana mphindi 40, zimanyamukira pansi penipeni pa siteshoni ya Bologna Centrale, ndipo kutsika kukafika papulatifomu ndi katundu kumafuna mphindi 10 zapadera zimene munthu ayenera kuziwerengera asanachoke kunyumba.